Chaka Chimene Amuna Anga Anawonda

Amuna anga anagwa m'mawa wina ku Makokola akupakira nsomba m'galimoto. Ankati pachifuwa pakulemera ngati pakhala mwala. Kuchipatala atawayeza magazi, adokotala anayang'ana ine.

"Mayi, mafuta achuluka m'magazi ndipo akutseka mitsempha ya kumtima. Mapiritsi athandiza, koma ntchito yaikulu ili kwa inu ophika."

Ndinasiya kukazinga. Chambo ndinkangowotcha pamakala kapena kuphika ndi tomato. Nyemba, chisoso, therere. Kanyenya ndi tchipisi za pamsewu ndinawaletsa. Iwo ankadya, kenako n'kukankha mbale. Ana nawonso anayamba kudandaula, choncho ndiwo ndinkaphika pawiri, za bambo ndi za ana. Pomaliza msana unkachita kuwotcha.

Thupi la amuna anga linayamba kutsika, malaya n'kumalendewera. Mbiri inakafika ku Katuli kwa achemwali awo aakulu. Iwo anakwera njinga yamoto msewu woipa uja, atanyamula nthiti za mbuzi ndi botolo la mafuta.

"Alamu, mukufuna kundiphera mlongo wanga ndi njala? Anthu akuti ali ndi matenda aja."

"Ananena ndi adokotala, alamu."

"Adokotalawo ndi amene anakukwatirani?"

Analowa m'khitchini mwanga n'kukazinga nyama ija mpaka kusambira m'mafuta. Ine ndinangokhala pakhonde, mphamvu zokangana ndinalibe. Amuna anga anadya yonse osandiyang'ana. Tsiku limenelo sanamve kupweteka kulikonse, ndipo alamu anati, "Mwaona? Wafa?"

Anakhala nafe mpaka mafuta aja anatha. Atapita ndinayambiranso poyamba, munthu atakumbukira kukoma kwa zonona. Tinkakangana pa dzira, pa mandasi a m'tiyi, pa mapiritsi oiwalika m'thumba la mkanjo. Masiku ena ndinkafuna kungowakazingira, adye, zichitike zochitikazo. Sindinatero.

Titabwerera kukayezetsa, adokotala anati mafuta atsika ndithu, tipitirize. Amuna anga tsopano amayenda wapansi kupita kumzikiti osaima panjira kuti apume. Kuthokoza sanandithokozepo, nanenso sindinayembekezere.

Ku Katuli ndimadziwikabe kuti ndine mkazi womana. Kukakhala sadaka azimayi akumeneko amandipatsa ntchito yotsuka mbale, kuphika amaphika okha. Ndimatsuka, dzuwa likapendeka n'kufunsa za njinga yobwerera.