Chitsime cha Mai Belita

Mai Belita a ku Nazombe adali mkazi wamasiye, wofatsa pakamwa koma wosafulumira kukhulupirira munthu. Chiyambire kumwalira kwa amuna awo ankadya za pamutu: kukwera phiri la Michesi, kutsika ndi mtolo wa nkhuni, kukagulitsa pamsika. Chuma china chimene adali nacho ndi chitsime cha m'dimba mwawo, chimene sichinkaphwa ngakhale mu Okutobala.

M'chaka cha njala cha 2002, pamene mphekesera za anamapopa, anthu oyamwa anzawo magazi, zidali ponseponse, kudabwera galimoto yoyera ya bungwe lina. Mudatsika a Goodman, mlangizi wochokera ku Lilongwe, nasonkhanitsa amai pachitsimepo. Adafotokoza mwaulemu kuti maiko olemera adaipitsa mlengalenga ndi utsi wa mafakitale awo, n'chifukwa chake mvula yasokonekera, ndipo tsopano apereka ndalama zogulira makina oyendera mphamvu ya dzuwa, kuti amai azithirira ndiwo zamasamba m'malo modula mitengo ya m'phiri.

"Inu simulipira kanthu, mai," adatero. "Mungotilola pamalo pano. Ife tabwera kudzapopa basi."

Amai awiri adanyamula ndowa zawo zopanda madzi nachoka.

"Mwati kudzatani, bambo?" adafunsa Mai Belita.

"Kudzapopa madzi, mai. Madzi!"

"Poyamba paja simunatchule madzi."

A Rozaria, alamu awo, adawakodola. "Alamu, lolani. Khosi lanulo lapindika kale ngati mpini. Magazi ake ati amene angawafune mwa inu? N'kudzaza kapu?"

Ena adaseka, koma Mai Belita sadaseke. Khosi lidali kuwawadi, ndipo mitengo idali kuthawira kumtunda chaka ndi chaka. Komabe pamoyo wawo wonse adali asanaonepo munthu wowononga za mnzake akubwera yekha kudzalipira, osaitanidwa ku bwalo. Adayang'ana mipaipi yopyapyala imene idali m'galimotomo, nayang'ananso mikono yawo.

"Pepani, bambo," adatero atagwada. "Mukawathokoze eni ndalamawo. Chitsime ichi chizitungidwa ndi chingwe."

A Goodman adachonderera kufikira dzuwa litapendeka, koma sizidatheke. Makinawo adakawaika ku Kaduya.

Mai Belita adapitiriza kukwera Michesi kufikira maondo adayamba kukana. Pamsika ankayala nkhuni zawo moyandikana ndi amai a ku Kaduya, amene tsopano ankabwera ndi mpiru ndi matimati pakati pa chilimwe, atavala zitenje zatsopano. Ankawapatsa moni mwaulemu, kuwafunsa za ana ndi za kumudzi. Koma mmodzi wa iwo akatambasula dzanja kuti apatse wogula ndiwo, Mai Belita ankapenyetsetsa m'kati mwa chigongono chake, kufunafuna bala la singano.