Mvula ya ku Ntcheu m'Dikoda ya Bambo

Bambo anga atapuma pantchito ku fakitale ya ku Msasa, kuno ku Harare, anasowa chochita. Munthu amene ubwana wanga wonse ankalawirira kukathamangira kombi, minibasi ya kuno, tsopano ankangozungulira nyumba yathu ya ku Dzivarasekwa, kumangitsa waya wa mpanda womwe sunamasuke, kuthirira repu wothiriridwa kale. Mayi amagulitsa tomato ndi masamba patebulo pageti, ndipo bambo anayamba kumakhala nawo pamenepo, kumawauza kaunjikidwe ka tomato.

"Bambo akowa andisowetsa mtendere," mayi anandidandaulira tsiku lina. "Ntchito yomwe ndaigwira zaka zonsezi lero akufuna andiphunzitse. Uwapezere chowakhazika pansi."

Nthawi imeneyo n'kuti nditabwerera kwa makolo anga, ndikugona chipinda cha kuseri, ndikugwira ntchito yokonza makina osokera pafakitale ina ku Msasa komweko. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandiuza za dikoda ina imene imakoka kanema wa ku Malawi, komanso imatha kujambula pulogalamu n'kuisunga kuti munthu adzaonere nthawi imene wafuna. Bambo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo kumudzi anapitako komaliza ine ndili ku pulayimale. Ndinaona kuti chinthu chimenechi chikhoza kuwagwira mtima.

Ndinabwera nazo Loweruka lina m'mawa: dikoda m'katoni yake, dishi, ndi waya wautali wokulunga. Nditavala ovolo yanga ya kuntchito n'kutsamiritsa makwerero kukhoma, mayi anaimirira kutebulo kwawo manja ali m'chiuno.

"Mwana wamkazi kukwera padenga? Anthu a mumsewu uno atinena."

"Musiyeni, amayi," bambo anatero, atagwira kale makwerero aja. "Makina a anthu amakonza yekha, alephere mbale iyi?"

Denga lathu ndi la asibesitosi wakale, loti ukapondapo molakwika umapezeka uli m'chipinda chochezera, choncho dishi ndinaikhomerera kukhoma, m'munsi mwa denga. Kuboola khoma sikunavute. Chinavuta n'kuilozetsa. Ndinayang'ana madishi a anthu oyandikana nafe kuti ndione kumene anapenya, n'kutembenuzira yanga komweko, koma pa tivi panalibe kanthu. Ndinatsika, n'kuwakhazika bambo pasofa, n'kuwaonetsa kamzere ka pagalasi kosonyeza ngati dishi yagwira.

"Kakatalika mundiuze, kakafupika mundiuzenso."

Mayi anaima pawindo kuti azindipatsira mawu, chifukwa kunja ndinkangomva phokoso la makombi ndi ana a mumsewu. Ine ndinkasuntha dishi pang'onopang'ono, mabawuti ndili nawo pakamwa.

"Akuti kakutalika!"

"Akuti wapitiriza, bwerera!"

"Akuti chiyani tsopano?" ndinafunsa, mikono italema.

"Akuti bwerera komwe unali, koma osati kwenikweniko."

Ndinaseka mpaka bawuti imodzi inagwera m'dimba la repu. Dzuwa linali litafika pamutu pamene ndinamva bambo akukuwa okha, osadzeranso kwa mayi: "Basi! Usakhudzenso!" Ndinamangitsa mabawuti n'kutsika.

M'nyumba ndinapeza mayi wina pa tivi akuwerenga nkhani m'Chichewa. Bambo anali atasendera kumapeto kwa sofa, manja ali pamaondo. Mayi anali atachoka pawindo n'kuima pakhomo, tomato wawo atamuiwala kunja. Tonse tinaonera mpaka nkhani zija zinatha. Kenako bambo anatembenukira kwa ine.

"Wamva Chichewa chake? Chosasakaniza."

Kuwaphunzitsa rimoti kunatenga masiku. Mabatani ake ndi aang'ono, ndipo zala za bambo ndi za munthu amene anakalambira pa zitsulo. Batani lojambulira ndi lofiira kale, ndiye silinavute. Pa batani lotsegulira mndandanda wa zojambulidwa ndinadonthezapo penti wanga wa zikhadabo woyera kuti azilipeza msanga. Iwo anaikulunga rimoti yonse m'kapulasitiki kuti isade, n'kuipezera malo ake pamwamba pa kabati.

Kujambula koyamba kunalephereka. Tsiku limenelo kunali msonkhano wa akuluakulu kutchalitchi, ndipo bambo anadandaula kuti aphonya pulogalamu ya za ulimi. Ndinaitchera bwinobwino ndisananyamuke kupita kuntchito, n'kuwatsimikizira kuti aipeza. Madzulo ndinawapeza atakwinya nkhope.

"Chinthu chako chija n'chabodza. Mulibe kanthu."

Ndinayang'ana kuseri kwa kabati n'kupeza mapulagi onse ali pansi.

"Bambo, munazula kukhoma?"

"Nanga ndikanachoka n'kusiya zinthu zikuyaka? Chiyambire ine sindinachitepo zimenezo."

Ndinawafotokozera kuti tivi akhoza kuzimitsa, koma dikoda iyenera kukhala yoyaka, chifukwa ndi imene imatsala ikugwira ntchito eni ake atachoka. Anapukusa mutu, koma anavomera. Poti magetsi kwathu amazima nthawi iliyonse, ndinailumikiza ku batire ya sola imene timayatsira nyali, ndipo kuchokera pamenepo sinatikhumudwitsenso.

Bambo atazolowera, anayamba kujambula chilichonse: nkhani, makwaya, za ulimi, mpira, ngakhale zokambirana zimene iwo eni ankazigonera. Pageti anasiya kupitapo. Mayi anayamba kulowa m'nyumba masana kudzaona ngati munthu ali bwino, ndipo nthawi zina ankakhala pamkono wa sofa "pang'ono chabe" mpaka wogula aitane kunja.

Bambo ali ndi mnzawo wa kalekale, mkulu wachisilamu wa ku Mbare, amene kwawo ndi ku Mangochi. Anagwira ntchito limodzi ku Msasa kuyambira ali anyamata, ndipo amatchulana achimwene. Atamva za dikoda, anayamba kubwera Loweruka lililonse, atavala kachipewa kawo koyera, atakwera makombi awiri. Bambo ankawasungira nkhani za sabata yonse. Mayi ankawaikira tiyi ndi buledi patebulo laling'ono, iwo n'kuyamba kuonera kuchokera Lolemba.

Chimene ankachikonda kuposa zonse chinali za nyengo. Ine poyamba sindinkamvetsa. Anthu okhala ku Harare, nyengo ya dziko lina iwathandiza chiyani? Koma wolengeza akayamba kutchula maboma, akuluakulu awiriwa ankasiya makapu awo. Akatchula Mangochi, mlendo uja ankaloza tivi ndi chala. Akatchula Ntcheu, bambo ankagwedeza mutu ngati munthu wawapatsa moni. Kenako ankabweza m'mbuyo kuti amverenso.

"Kwanu kukutentha, achimwene."

"Kwathu kumatentha chiyambire. Kwanu ndiye kozizira ngati m'filiji."

Amatha kukangana za msewu umene waoneka pa tivi, wina akuti ndi wa ku Balaka, wina akuti ayi, mtengo uwo ndikuudziwa. Bambo ankaimitsa chithunzi, onse awiri n'kuyandikira galasi atavala mandala, ndipo mkanganowo sunkatha, ankangotopa nawo.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, fumbi lili tolotolo, ine ndinkachapa kuseri kwa nyumba. Ndinamva bambo akundiitana ndi mawu amene sindinawakonde. Ndinalowa thovu lili m'manja.

"Bweretsa foni yako. Kumudzi kwavuta."

"Kwachitika chiyani, bambo?"

"Mvula yamphamvu ku Ntcheu. Akuti mitsinje isefukira, anthu asawoloke. Mwezi uno! Chimanga cha anthu chili panja, chikuuma. Chiola chonse."

Mnzawo uja anali chiimire, akupukusa mutu. "Dziko lasintha, mwana wanga. Mvula ya Juni yotere ine sindinaimvepo."

Bambo ali ndi mlongo wawo mmodzi amene anatsala kumudzi, azakhali anga. Sanayambane, koma zaka zinali zitadutsa osalankhulana. Uthenga unkangodzera mwa anthu, wakuti ali bwino, wakuti anadwalako koma achira. Bambo si munthu wa foni, ndipo nthawi zonse ankati adzaimba pakadzakhala nkhani. Nambala ya mdzukulu wa azakhali inali m'foni ya mayi. Ndinaikopera m'foni yanga, n'kuimba, n'kukweza mawu kuti tonse timve, n'kuwapatsa bambo. Foni inalira kanthawi, wina anayankha, kenako tinamva mapazi akuthamanga ndi nkhuku zikulira, mpaka panabwera mawu a munthu wachikulire.

"Ndani?"

"Ndine, mlongo wako. Kuno ku Harare."

Kenako azakhali anakuwa mpaka foni inanjenjemera m'manja mwa bambo. "Achimwene! Ndinu? Kwagwanji?"

"Kuno kulibe kanthu, tili bwino tonse. Ndamva za mvula. Chimanga mwalowetsa?"

"Mvula iti?"

"Imene ikugwa kumeneko. Anena pa kanema."

Apa m'pamene ndinayang'ana pa tivi. Chithunzi chinali chiimire pomwe bambo anachiimitsa, mapu a Malawi atadzaza mitambo yakuda. Ndinatenga rimoti n'kudina kuti ndione tsiku lake. Inali pulogalamu ya mwezi wa Febuluwale. Mndandanda unali utatalika kwambiri moti bambo, pofuna kutsika pang'ono, anakanikiza batani nthawi yaitali n'kukafika pansi penipeni.

Ndinawakodola, n'kuwalozera pakona pa galasi pomwe panalembedwa tsiku. Anavala mandala, anawerenga, n'kuwavulanso. Uku azakhali anali akuseka.

"Kuno kuli fumbi lokhalokha, achimwene! Kuzizira mpaka milomo kung'aluka. Chimanga tinakolola kale, chili m'matumba. Kanema wanuyo ndi wa dziko liti?"

"Ndi wa konko," bambo anayankha motsitsa. "Koma zikuoneka kuti ndi mvula ya kale. Ndinaisunga m'makina."

"Mukusunga mvula m'makina? Ndiye mutitumizireko ikafika nthawi yodzala."

Mnzawo wa bambo anagwera pasofa ndi kuseka, kachipewa kali m'manja. Mayi, amene anali atabwera kuchokera kugeti, anadzitseka pakamwa ndi nsalu. Bambo anayesa kuumitsa nkhope koma analephera.

Ndinkayembekeza kuti adula foni chifukwa cha manyazi, koma sanadule. Anafunsa za mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ya malemu agogo, ndipo anauzidwa kuti ulipo, ukubala. Anafunsa za anthu amene anakulira nawo limodzi. Ena anali atamwalira, ndipo pa aliyense bambo ankati "Ooh." Ena alipo, akuyenda ndi ndodo. Azakhali anawauza kuti mlatho unamangidwa pamtsinje umene iwo ankawoloka ndi mapazi popita kusukulu, ndipo bambo anawafunsa kawiri ngati akunena zoona. Tiyi anazizira patebulo. Madzi anga ochapira anazizira kuseri. Palibe amene anasuntha.

Atalankhulanso ndi mayi, azakhali anafunsa ngati mwana uja anamuona ali wamng'ono alipo. Bambo anandipatsa foni. Mawu oyamba amene anatuluka anali a Chishona, mmene timaitanira mlongo wa bambo kuno.

"Muli bwanji, tete?"

"Tete ndiye chiyani?" anafunsa. "Ine ndine azakhali ako. Tanena, ndimve."

"Azakhali."

"Eya. Ndiye ndiwe unawagulira bambo ako makina abodzawo?"

"Makinawo sananame, azakhali. Bambo ndi amene anadina polakwika."

"Usawanene bambo ako pagulu," anatero, akusekabe. "Koma wachita bwino. Uziwauza azidina polakwikapo kawirikawiri."

Foni itadulidwa, bambo anakhala kanthawi akuyang'ana mapu aja. Kenako anandipatsa rimoti n'kunena kuti ndiwaonetse kafufutidwe ka zakale. Tinakhala masana onsewo tikudutsa mndandanda, ine ndikuwerenga, iwo akugamula. Za nyengo zakale zonse zinapita. Zokambirana zimene ankazigonera zinapita. Pa makwaya mayi analetsa, ndipo pa pulogalamu ina yoonetsa msika wa ku Mangochi mlendo wathu anakweza dzanja, ndiye zimenezo zinatsala.

Kuyambira nthawi imeneyo bambo amayamba awerenga tsiku la pulogalamu mokweza asanaionere, ndipo amaimbira azakhali Lamlungu tikabwera kutchalitchi. Pano akukambirana zoti chaka chikubwerachi, mvula ikadzatha, tidzakwere basi tonse atatu. Mayi ayamba kale kufunsa mwa anzawo amene angadzawayang'anire tebulo la pageti.