Khutu la Madala a pa Pampu Yachitatu

Masiku ano kukatentha masana ine n'kutseka maso, ndimaonabe mzere wobiriwira ukuyenda pa kompyuta ija, pang'onopang'ono ngati nyerere yosadziwa kopita. Ndinkagwira ntchito pa fakitale ina ya zakumwa kum'mawa kwa Joni, ndikukhala ku Troyeville m'kachipinda komwe zenera lake linkayang'ana khoma la eni ake. Ntchito yanga inali yoyang'anira pulogalamu yolemba zomwe makina akuchita. Pa makina aliwonse panali sensa, kachipangizo komva kutentha ndi kunjenjemera, ndipo zomwe kamva zinkafika kwa ine ngati mizere.

Pulogalamuyo sinkasunga zonse ayi. Umachita kuiuza kuti mzere ukadutsa apa, yamba kulemba. Ife tinkati kutchera, monga muja atcherera mbewa. Ndinkaikonda ntchitoyo, ndisaname. Ukatchera umangokhala phee, tiyi akuzizira, maganizo ali kumudzi, mzere ukuyenda wokha.

Pa pampu yachitatu pankaima munthu mmodzi, madala ena a ku Ntcheu, omwe unyamata wawo wonse unathera pansi pa mgodi. Anali ndi chizolowezi chomwe chinkaseketsa anthu. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuika pa chitsulo cha pampu, chigwiriro n'kutsamiritsa kukhutu, maso n'kutsinzina. Ukawaona umati akugona choimirira. Kenako mwadzidzidzi ankadina batani lofiira, lamba wonyamula mabotolo n'kuima fakitale yonse.

Kapitawo wathu anatopa nazo.

"Madala, yini manje? Mwaimitsiranjinso?"

"Lo mshini yena khuluma," ankayankha motero, osakweza mawu. "Ikulankhula iyi."

Kapitawoyo anabwera kwa ine. Anati ngati kompyuta sisonyeza vuto pa pampuyo pofika Lachisanu, madalawo awachotsa ntchito, chifukwa ukalamba wawalowa m'mutu. Ndinatchera pa sensa ya kunjenjemera, pa mlingo womwe buku la pampuyo linkati ndi woopsa. Lolemba anaimitsa, Lachiwiri anaimitsanso. Ndikatsegula kuti ndione, munalibe kanthu. Ndinapsa mtima, ndipo ndinapsera mtima iwowo, osati kompyuta. Chamumtima ndinkati agogo amenewa angopita kwawo akalime kachewere.

Lachitatu pa nkhomaliro ndinawapeza kuseri atakhalira chidebe, akudya buledi wouma.

"Abambo, kompyuta sikuona chilichonse. Mukufuna akuchotseni?"

Anayamba atafuna kaye.

"Mwananga, kumgodi kuja mwala unkayamba wanong'ona usanagwe. Amene ankadikira kuti ufuule, eish, tinkawatulutsa pa machira. Iweyo watchera pa kufuula."

Manyazi anandigwira. Iwo ankaimitsa pampu isanafike pa mlingo wanga, nanga msampha wangawo ukanagwira chiyani? Pulogalamu ija inali ndi mbali ina yomwe sindinkaigwiritsa ntchito. Inkatha kugwirizira masekondi angapo omwe angodutsa kumene, n'kumawataya ngati palibe chachitika. Ndinasintha zonse. Ndinatchera pa batani lofiira lomwelo, n'kuiuza kuti madalawo akangodina, isunge masekondi makumi atatu a m'mbuyo mwake.

Lachinayi masana anadina. Ndinatsegula zomwe pulogalamu inasunga. Mzere unkayenda bwinobwino, kenako unayamba kumera timano ting'onoting'ono, ngati madzi a m'beseni lole ikamadutsa panja. Timanoto tinakula pang'ono chabe, ndipo pomwepo mzere unaduka, pomwe panafika dzanja lawo. Ndinayang'ana kwa nthawi yaitali, phokoso la fakitale likumveka patali ngati lili kutsidya kwa mtsinje. Amakaniko atamasula pampuyo anapeza beringi, chitsulo chothandiza kuti pampu izizungulira bwino, itadyeka mkati. Kapitawo anawapatsa madala aja moni wa manja awiri, ndipo ine ndinakwera tekisi ya ku Troyeville ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Sabata yotsatira bwana wamkulu anandiitana n'kundiyamikira. Anati nditsitse mlingo uja ufike pa timano tija, kuti pampu izidziimitsa yokha. Ndinachita zimenezo ndikuimba kamluzu, sindinaganize patali. Mapampu onse anayi ndinawatchera chimodzimodzi. Pasanathe miyezi yambiri akuluakulu anaona kuti pa pampu sipakufunikanso munthu woimapo, ndipo madala aja anawauza mwaulemu kuti akapume.

Tsiku lawo lomaliza anabwera pa tebulo langa, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti ndiwaonetse. Ndinatsegula masekondi makumi atatu aja. Anawerama, akutsata mzerewo ndi chala chawo chopindika mpaka pomwe unadukira.

"Ndiye khutu langa ndi limeneli?"

"Ndi limeneli, abambo."

"Ulisamale," anatero, n'kusiya sikuludiraiva ija pa tebulo.

Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zomwe zimandiwawa mpaka lero. Ndinakhala pa fakitaleyo zaka zinanso zingapo, ndipo pampu yachitatu ikadziimitsa yokha ndinkatembenuka kuyang'ana pomwe ankaima paja. Sikuludiraivayo ndikadali nayo. Ndayesapo kuiika pa firiji ndi pa injini ya galimoto, maso nditatsinzina ngati iwo, koma ine ndimangomva phokoso.