Boti Limene Ababa Anamiza Dala

Ndiyambe ndi kuyamika Ambuye amene andisunga kufikira lero. Dzulo ku Chinamwali ndinadutsa pamene anthu akukonza msewu, ndipo fungo la phula linandibwezera kudamu la pamwamba pa phiri la Zomba.

Ababa ankasamalira boti lamatabwa la alendo obwera kudzawedza nsomba mongosangalala. Chaka china botilo linakhalitsa pamtunda mpaka linachita ming'alu. Abwana awo ananena kuti madzi akalowa m'botimo Loweruka, tsiku lobwera alendo, ntchito ya ababa yatha. Ababa anatseka ming'aluyo ndi thonje, namata phula. Kenako analidzaza miyala ndi kulimiza m'mbali mwa damu.

Ine ndinayesa ataya mtima. Atatsika kutauni kukagula utoto, ndinalowa m'madzi ozizirawo ndi kuyamba kuchotsa miyala, umodzi umodzi. Zala zinachita dzanzi, mano akugundana, koma ndinatsimikiza kuti ntchito ya ababa simira ine ndikuona.

Anandipeza ndikukapa madzi ndi chitini.

"Iwe Esinati, wakutuma ndani?"

"Ndikulipulumutsa, ababa."

"Ukupulumutsa kapena ukundichotsetsa ntchito? Thabwa louma limafunika limwe madzi, lifufume, ndiye ming'alu imatsekeka. Bweza miyalayo."

Ndinaibweza yonse ndikulira, ndipo botilo linagona m'madzi masiku atatu. Ababa atalivuula, Loweruka linanyamula alendo tsiku lonse, osalowa ngakhale dontho.

Ndadzazindikira nditakula kuti chimene Mulungu wachimiza sikuti wachitaya. Inu amene muli pansi pa madzi lero, Ambuye akulimbitseni mtima kufikira tsiku limene adzakuvuulani.