Nyimbo Yomaliza Pachimbale

Chisanu chikafika, guluu amachedwa kugwira. Pamafunika kuika chitini padzuwa kaye, kuyala zikopa pakhonde, ndi kupisa manja m'khwapa mpaka zala zidzuke. Mphepo ya chaka chimenecho inali youma, yong'amba milomo. Wosoka nsapato wa pakona ankadikira kuti dzuwa lifike pakhomo la kashopu kake asanagwire singano, chifukwa ulusi ukadutsa pachala chozizira umasiya mng'alu, ndipo mng'alu sumvana ndi nsambo za gitala.

Anthu a mumsewumo ankamutchula Wachiwiri. Kwao anali mwana woyamba, koma dzinalo linachokera ku bandi, kumene ankaimba gitala wachiwiri, uja wogwira nyimbo kumbuyo kuti isagwe. Gitala wotsogola ankaimba mng'ono wake, amene anthu anamupatsa dzina loti Mphenzi. Bandi yawo inali ya anthu anayi, kuphatikizapo wang'oma ndi wabesi. Ankaimba nyimbo za mtundu wa bulusi, bulusi wolemera, woyenda ngati ngolo yodzaza njerwa, magitala akulira mwaukali pamwamba pake.

Gitala woyamba kulowa m'nyumba ya mayi awo anabwera naye ndi Wachiwiri. Ndiye amene anagwira tizala ta mng'ono wakeyo n'kumatiika pansambo kamodzikamodzi, akumukalipira kuti, “Kanikiza, iwe, sakuluma!” Mvula itagwa n'kutha kawiri, mwanayo anali atayamba kale kukoka nsambo mpaka gitala n'kumalira ngati munthu. Wachiwiri anasekerera tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri anasekereranso, koma masaya anamuwawa.

Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa kumbuyo. Munthu ankabwera ndi nsapato yothyoka chidendene, n'kuyang'ana zikuto za zimbale ziwiri za bandiyo zimene Wachiwiri anakhoma pakhoma, n'kufunsa, “Ah, ndinu achimwene ake a Mphenzi eti?” Pachikuto choyamba, khosi la gitala wa Mphenzi linamudula nkhope pakati. Pachiwiri ankaoneka bwino ndithu, koma maso ali otsinzina.

“Eya, ndine,” ankatero, n'kukhoma msomali mwamphamvu yoposa imene msomaliwo unkafuna.

Chinthu chimodzi chokha chinali chake. Bandiyo inali ndi lamulo loti panyimbo yomaliza ya chimbale chilichonse, abale awiriwa azisinthana magitala: wamkulu atsogole, wamng'ono agwire kumbuyo. Lamulolo analiika ndi mayi awo, tsiku limene anapita kukawaonera n'kubwerako atakwinya nkhope. “Mmodzi kutsogolo tsiku lonse ngati tambala? Muzisinthana. Ndinabereka awiri ine.” Mayiwo anamwalira, lamulo linatsala.

Pazimbale ziwiri zija Mphenzi ankagwira kumbuyo mwaulesi, ngati munthu amene wamusiyira mwana wa eni. Ankathamanga, ankadzaza paliponse. Wachiwiri ankadandaula pakamwa, koma mumtima ankamva kukoma. Aone nayenso kuti kumbuyo si kosewera.

Tsopano kunali kukonza chimbale chachitatu, ndipo Wachiwiri anatsimikiza kuti ulendo uno anthu adzayamba kumvera kumapeto. Nyimbo anaipeka yekha, ya munthu amene anamanga nyumba n'kumagona pakhonde. Gitala anabwera naye kushopu. Nsapato zinaunjikana pansi pa benchi.

Masana ena mkazi wake anabwera ndi tiyi m'botolo, naima pakhomo manja ali m'chiuno.

“Bambo a mwana, nsapato za aphunzitsi zija azisoka ndi gitalayu?”

“Mawa.”

“Mawa lake la dzulo lija? Abwera kale kunyumba atavala masilipasi.”

“Iwe sungamvetse.”

“Ndamvetsa kalekale. Mukufuna kuthamangitsana ndi alamu anga. Koma iwowo sakudziwa n'komwe kuti pali mpikisano.”

Mawu amenewo anamubaya kuposa singano. Tiyi anamwa, koma sanathokoze.

Tsiku lojambula linafika kuli mitambo yopanda mvula. Situdiyo inali chipinda cha kuseri kwa sitolo ya mipando, makoma ake atawamata matiresi akale. Ankajambula onse pamodzi, maso ndi maso, sipika iliyonse ili ndi maikolofoni yake patsogolo. Mwini situdiyo, bambo wa dazi wolankhula motsitsa, ankakhala kuseri kwa galasi pa tebulo lodzaza timabatani totsetsereka.

Itakwana nthawi ya nyimbo yomaliza, Mphenzi anavula gitala wake n'kumupereka ndi manja awiri.

“Nayu, achimwene. Mumusamale, ndi wamanyazi.”

“Ndinamudziwa gitala iwe usanadziwe kumina.”

Wang'oma anaseka mpaka kugwetsa kamtengo. “Ukaipa dziwa nyimbo, akulu! Lero tione.”

Wang'oma anawerenga kanayi, onse n'kuyamba. Gitala wa Mphenzi anali wopepuka, wa nsambo zofewa, ndipo zala za wosoka nsapato, zozolowera kulimbana ndi chikopa, zinamukoka mpaka analira kulira kumene Wachiwiri anali asanakumvepo m'manja mwake. Anatsinzina. Zonse zimene ankameza pabenchi paja zinatulukira m'sipika. Pomaliza iye anadziwa kuti chibadwire sanaimbepo choncho.

Anapanikizana onse kuseri kwa galasi kuti amvere. Wachiwiri anaima kumbuyo, atapinda manja, akudikira. Nyimbo itafika pakati, wang'oma anadumpha.

“Bwezani pamenepo! Bwezani, bwana!”

Mwini situdiyo anabweza.

“Mwamva?” anatero wang'oma. “Ayi, osati kutsogoloko. Tcherani khutu kumbuyo. Mayo ine! Mphenzi, wachita zotani iwe?”

Wachiwiri anamvera, ndipo anamva. Ulendo uno mng'ono wake sanathamange. Ankamenya kamodzi n'kusiya mpata, kuyankha pang'ono, kukhalanso chete. Paliponse pamene gitala wotsogola ankapuma, wakumbuyo ankaika mawu awiri okha, ofunda, oyenera, ngati munthu woika mwala pamene phazi lako likupita. Wabesi, amene sankayamikira munthu, ankagwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Abale, uyu ngakhale mutamupatsa chitini,” anatero wabesi.

Mphenzi anachita manyazi, nakanda m'mutu. “Ndangotengera achimwenewa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwamvera kumbuyo kwangaku. Si choncho mumachitira, achimwene?”

Ananena ndi mtima woyera, nkhope ili ngwee, akudikira kuti amuyamikire. Akanakhala kuti wanyoza, bwenzi kuli kosavuta. Kutsogolo Mphenzi anamulanda Wachiwiri kalekale. Lero wamutsatira kumbuyo komwe, kukakhonde kake, n'kukasesako bwino kuposa mwini wake.

“Wayesetsa,” anatero Wachiwiri.

Anzake anatuluka kukaongola miyendo. Mwini situdiyo anamukodola kuti akhale pampando.

“Nyimboyi ndi yanu, akulu, ndiye mawu omaliza ndi anu. Kabatani aka ndi ka gitala wanu. Aka ndi ka mng'ono wanu. Pamene ndamata katepipa ndi pamene tamvera tonse. Mukafuna kusintha, sinthani, musunthe katepiko, ine nditseka pomwepo. Koma chonde, pali akwaya akudikira panja.”

Ananena izi n'kupita kukapinda mawaya m'chipinda chojambulira.

Wachiwiri anaika chala pakabatani ka mng'ono wake. Kanali kopepuka zedi. Anakatsitsa pang'ono, kenaka kwambiri, mpaka Mphenzi anazimirira ngati munthu wolowa m'nkhungu. Gitala wake anatsala yekha pamwamba pa ng'oma ndi besi. Anamvera. Kulira kuja kunalipo, koma tsopano kunali kwa munthu wofuula m'nyumba yopanda katundu. Anamva pamene anafulumira. Anamva pamene chala chinakhula nsambo. Mipata imene anasiya popuma inangoti yasaa, popanda woitseka.

Anakakweza kufika pakatepi. Nyimbo inaimirira ndi miyendo yake, ndipo iye mwini anamveka ngati katswiri. Koma khutu lake lomwe linathawira kumbuyo, kukamvera mawu awiri aja. Ngati khutu la mwini wake likuthawa, nanga la mlendo? Anaona kale m'maganizo munthu ataima pakhomo la shopu, nsapato ili m'manja, akuti, “Nyimbo yomaliza ija, mng'ono wanu anachita zoopsa kumbuyo kuja!”

Anakatsitsanso. Anakakwezanso. Panja, kudzera pazenera, Mphenzi anali atavula jekete n'kufunditsa wang'oma, onse akuseka nkhani ina. Sanayang'ane n'komwe kuno.

“Akulu,” anaitana mwini situdiyo, “akwaya ayamba kuimbira pakhomo.”

“Ndamva.”

Wachiwiri anabweza nyimbo pakati paja. Anakankha kabatani ka mng'ono wake pang'onopang'ono, kukwera, kukwera, mpaka katatsala pang'ono kufika pakatepi paja, naima. Mpata wotsalawo unali ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Anamatula katepi kaja, nakamata pomwe kabatani kanaima, n'kukanikiza ndi chala chachikulu mpaka kanagwira.