Bambo Pabenchi la Kuchipatala

Bambo anga anali ometa tsitsi. Moyo wawo wonse anathera m'kachipinda ka galasi long'aluka, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Sukulu anailekeza ali aang'ono, ndipo sankaikhulupirira kwenikweni. "Ndameta mitu yambiri yophunzira," ankatero akusasa nsalu, "ina m'katimo muli mphepo yokhayokha." Komabe achemwali anga atasankhidwa kukaphunzira udokotala, bambo anagulitsa njinga yawo mwakachetechete n'kumapita kuntchito wapansi.

Atakalamba anayamba kutupa miyendo. Ine ndi azakhali tinapita nawo kuchipatala kumene achemwali ankagwira ntchito. Tinapeza mzere wafika pakhonde. Azakhali anadutsa anthu onse n'kukagogoda pachitseko.

"Iwe, bambo ako ali panjapa. Alowetse."

Achemwali anatuluka. Anagwada pamaso pa bambo, kuwadina mwendo ndi chala, kuwamvetsera m'chifuwa. Kenako anati, "Ababa, inu mutha kudikira. Mwana wa mayi awo akubanika. Ndikuonani nthawi yanu ikakwana."

Azakhali anagwira pakamwa. "Sukulu imeneyi! Munthu anatha mapazi chifukwa cha iwe, lero ukumukhazika pabenchi ngati mlendo?"

Bambo anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, chipewa chili pabondo. Ine ndinkati akwiya. Koma ndinawamva akunong'oneza mkulu wina wachifuwa amene anakhala naye pafupi: "Dokotala ali m'katimo ndi mwana wanga. Wandiika pamzere ine, bambo wake womubala! Ndiye inu mtima m'malo, palibe amene akudutseni."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsamwa. Nkhani inayenda benchi lonse, ndipo amayi ena ankasuzumira kuti awaone bambowo.

Titalowa, achemwali maso anali ofiira.

"Ababa, mwandikwiyira?"

"Ukanandilowetsa muja, bwenzi nditabwerera kunyumba ndi matenda awiri. Tandiyeza msanga, anthu akudikira."

Mankhwala anawayanja. Miyendo inaphwa, anabwereranso kuntchito n'kumeta zaka zina zingapo. Azakhali okha ndiwo anasunga mangawa, mpaka pamaliro a bambo ankayankhula ndi achemwali akuyang'ana kumbali. Koma aliyense wokhala pampando wa bambo nkhaniyi ankaimva, kuyambira pachitseko mpaka pabenchi. Makasitomala ena anafika poipewa, ankalowa akunena okha kuti, "Madala, ya dokotala ija tinaimva kale. Lero ingometani."