Khosi la a Binali

Amene anakhalapo ku Khombedza zaka zimenezo amakumbukira a Binali pa zinthu ziwiri, kutalika ndi khosi. Kutalikako anabadwa nako. Koma khosi lopendekera kumanzere lija, ngati la munthu womvetsera miseche kuseri kwa mpanda, analipeza atakula kale.

Anali mwana wa mmisiri wosema mabwato kugombe loyang'anana ndi chilumba cha Mbenji. Bambo awo powaphunzitsa kugwira kasemasema ankati bwato sasemera mudzi wonse, amasemera mwini wake: wamiyendo yaitali umamukumbira mozama kuti mawondo asamutchinge popalasa. A Binali anamva bwino, koma mtima wawo sunkakhala malo amodzi. Njanji itangofika ku Salima, sitima inalira, iwo n'kupachika kasemasema patsindwi. Anakatulukira ku Halale, kumene anayamba ndi kusenza matumba, kenako kutsuka malole, mpaka anagwira chiwongolero. Akabwera kumudzi ankangodikira kuti chimanga chimere, maso n'kuyambanso kuloza kumsewu. Wowafunsa ankamuyankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ngati kuti munthu wa ndevu ngati iwo akadali mwana.

Ulendo wina anakwatira Sakina. Ulendo wina anapeza kwabadwa mwana wamkazi, Tausi. Atabweranso mu 1952, Tausi anangoona chimunthu chikuwerama pakhomo, nathawira kuseri kwa nsalu ya mayi ake akulira kuti kwabwera mlendo. Zinawapweteka kwambiri a Binali, ndipo Sakina sanawapatse mpata woti zipole.

"Bambo a Tausi, ine sindikangana nanu," anatero akuyala usipa pathandala. "Mukakweranso sitima ija, muyende bwino, koma pobwera mudzafikire kwa alongo anu. Ndatopa kukhala mkazi wa munthu amene ndimangomumvera kwa apaulendo."

Ndiye ntchito inayenera kupezeka konkuno. Malole a thonje ndi a nsomba onse anali ndi eni mipando. Malo anapezeka amodzi okha, kwa a Jameson, mkulu wa sitolo ndi malonda a usipa, amene anali atangogula galimoto kwa mzungu wina wobwerera kwawo. Inali yakuda, ya zitseko zinayi, yopangira bambo, mayi ndi ana popita kokacheza. A Jameson anali munthu wamfupi ngati mtondo, ndipo pa zoyendetsa ankangodziwa giya yoyamba basi.

Tsiku loyamba a Binali analowamo chidutswachidutswa: mwendo kaye, msana, mutu pomalizira. Mawondo anakakhala uku ndi uku kwa chiwongolero. Kofiya yawo inaphwanyika ndi denga, ndipo kuti aone msewu anayenera kupendeketsa khosi. Anayesa kukankhira mpando kumbuyo, koma mayi Gladys, akazi a bwana, anadandaula kuti akuwathyola miyendo, mpando n'kubwerera pomwe unali.

"Yakukwanani?" anafunsa a Jameson monyadira.

"Yandikwana, bwana," anayankha a Binali, mutu utatsamira denga.

Walira mvula walira matope. Msewu wa ku Salima unali wa mabampu okhaokha, ndipo bampu lililonse linkawagogoda paliwombo. Pofuna kuponda kilachi, bondo linkayamba lamenya chitsulo. Mu lole munthu umakhala njo, kumaona dziko lonse mpaka kumapiri. Umu ankangoona boneti ndi mbuzi. Pomaliza swala kumzikiti, potembenukira kumanja kupereka salamu, khosi linayamba kukana. Panalinso kamwambo ka Lamulungu. Akafika pa mtengo wa mango woyandikira tchalitchi, a Binali ankatsika kukadikira pamthunzi, a Jameson n'kukhala pachiwongolero kumaliza kamtunda kotsalako ndi giya yawo imodzi ija, kuti mpingo wonse uone mwini galimoto.

Choipa kuposa zonse chinali kudikira katundu pa siteshoni. Sitima ikalira, a Binali ankatuluka m'galimoto, kuzungulirazungulira, kupukuta galasi loyera kale, kukhala pansi, kuimiriranso. Kumeneko ndi kumene Saidi, mnzawo wa ku Halale amene anabwera kudzaona makolo, anawapeza akudzisisita khosi.

"Akulu, mwalowa m'chitini cha nyama chimenechi?" anaseka Saidi. "Lole yanu ija ikadali pomwepo, aliyense akuti mpando wake ndi wautali. Tiyeni tibwerere limodzi."

Mawuwo anawatsata a Binali mpaka kunyumba.

Loweruka lina masana a Jameson anawasiyira galimoto kuti aitsuke. Posesa pansi pa mpando, a Binali anagunda china chake ndi chala, nazindikira kuti mpandowo wakhala pa matabwa. Anamasula mabawuti, nayang'ana bwinobwino, n'kumwetulira koyamba chilowereni ntchito. Kani chinthu chonsechi ndi bwato chabe. Anathamangira kunyumba kukatsitsa kasemasema uja patsindwi, nanola, n'kuyamba kusema matabwawo monga anawaphunzitsira bambo awo, kuyesa ndi msinkhu wa wopalasa. Anachotsakonso ubweya wina wa m'katimo. Atakhalapo, khosi linawongoka, kofiya inaima, mawondo anapeza njira. Anaithamangitsa mpaka kugombe ndi kubwerako akuimba, ndipo m'mtima ankati, Alhamdulillahi, tsopano ndikhoza kukhala.

Chimene anaiwala n'chakuti bwato limeneli linali ndi mwini wake.

M'mawa mwake anaima pa mango paja monga mwa masiku onse. A Jameson, atavala suti ndi chipewa, anatsegula chitseko, nakhala, n'kumira. Manyazi sanawalole kutulukanso anthu akuona, choncho anaika giya, akusuzumira pakati pa chiwongolero. Anthu oima pabwalo la tchalitchi anaona galimoto ikubwera pang'onopang'ono ikuyendetsedwa ndi chipewa. Inaphonya njira, inadutsa m'mizere ya chinangwa cha aphunzitsi, n'kukaima yokha itatsamira mulu wa njerwa. Palibe anavulala. Koma kuseka kwake, ngakhale akulu a mpingo anachita kubisa nkhope m'mabuku a nyimbo.

A Jameson sanakalipe. Anadikira mpaka afike kusitolo, mayi Gladys atalowa m'nyumba.

"A Binali, galimoto iyi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, bwana."

"Nanga mwaisemera yani?"

A Binali anayang'ana pansi, ndipo kwa munthu wotalika choncho pansi ndi patali.

"Lachiwiri ndikupita ku boma," anatero a Jameson. "Ndipeze mpando uli monga unalili. Apo ayi, makiyi musiye pa kauntala."

Lachiwiri lomwelo ndi limene Saidi ankakwera sitima. Lolemba lonse a Binali sanakhale pansi. Anapita kugombe, anabwerako, anaima pamsewu, anabwereranso. Ankadziwa kuti mtengo ukausema subwerera. Chotheka n'kukhomapo thabwa lina pamwamba, ndipo kukhoma thabwalo kunali kudzikhomera okha denga pamutu kwa zaka zonse zotsala. Anakwiyira galimoto, anakwiyira azungu amene anaipanga ngati kwawoko kulibe anthu aatali, anakwiyiranso miyendo yawo. Atafika kunyumba anapeza jekete lawo la paulendo litachapidwa, lili pachingwe.

"Ndati musavutike kulifunafuna mawa," anatero Sakina osawayang'ana.

Tausi anali pakhonde. Sanathawe ngati kale, komanso sanayandikire. Ankangowayang'ana monga mmene mwana amayang'anira munthu amene akudutsa.

A Binali anapita kuseri kwa nyumba, natenga thabwa la mlombwa limene ankasungira chitseko, n'kulisenza mpaka kusitolo. Analidula, nalipala, poyesa msinkhu akuganiza za munthu wamfupi ngati mtondo. Atakhoma msomali womaliza analowa chidutswachidutswa muja, kofiya n'kuphwanyika, khosi n'kupendekera malo ake.

Anaiyendetsa galimotoyo mpaka inatha, kupita ku boma, ku maukwati, ku chipatala, ndi kuima pa mango Lamulungu lililonse. Khosi silinawongokenso. Anthu ankawaseka, iwo ankaseka nawo, koma sanaikonde galimotoyo ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinasintha n'chakuti pa msika wa Khombedza, anthu atadzaza chotani, Tausi ankawazindikira ali patali, n'kuuza anzake kuti, "Abambo anga awo, opendeka khosiwo."

Mtima woyendayenda uja sunafe. Akamapita ku siteshoni ankamutenga mwanayo, ndipo sitima ikalira ankatembenukabe kuti aione. Kungoti tsopano khosi linkakana, ankachita kutembenuka thupi lonse pang'onopang'ono, ndipo asanamalize, Tausi amakhala atawagwira kale chala.